Kuzungulitsa mitundu pa sikirini: nambala imodzi yoyenda pa gudumu

Munthu akangoyamba kulemba mapulogalamu ojambula zinthu pa sikirini, sipatenga nthawi kuti afune kuti chimene wajambulacho chizisintha mtundu chokha: chiyambe chofiira, chisanduke chachikasu, kenako chobiriwira, chabuluu, chapepo, n'kubwereranso pa chofiira popanda diso kuona pamene chalumphira. Timaziona pa makiyibodi oyaka, pa timababu ta LED, m'masewera a pakompyuta ndi m'mapulogalamu oseweretsa nyimbo. Kuti zingoyenda, mizere yochepa ya pulogalamu ndi yokwanira. Kuti zioneke bwino ndiye nkhani ina, chifukwa pali zinthu zimene nambala pazokha sizingakuuzeni.

Sikirini sidziwa mtundu mmene ife timauganizira. Kadontho kalikonse ka pa sikirini, kotchedwa pixel, kali ndi timagetsi titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Pulogalamu imauza kagetsi kalikonse kuti kawale bwanji, kawirikawiri ndi nambala yoyambira pa 0 kulekeza 255. Imeneyo ndiyo RGB, ndipo nambala zitatuzi zikasakanizidwa m'njira zonse zotheka zimapereka mitundu 16,777,216. Chofiira chenicheni ndi 255, 0, 0. Chachikasu ndi 255, 255, 0. Choyera ndi 255 katatu.

Onani tsopano zimene zimachitika munthu akaganiza zongowonjezera nambalazi. Akazikweza zonse zitatu pamodzi, amachoka pa chakuda, kudutsa pa chotuwa, mpaka pa choyera, osakumana ndi mtundu uliwonse wa utawaleza. Akatenga mtundu wonse ngati nambala imodzi yaikulu n'kumawonjezera 1, kagetsi kabuluu kokha ndiko kamakwera mpaka 255 n'kugwa mwadzidzidzi pa 0, kobiriwira katangosuntha kamodzi, ndipo sikirini imangothwanima. Akasankha mitundu iwiri yoyang'anizana, monga chofiira 255, 0, 0 ndi cyan (wa pakati pa chobiriwira ndi buluu) 0, 255, 255, n'kuyenda molunjika kuchoka pa wina kupita pa unzake, pakati pa ulendo amapeza 128, 128, 128, womwe ndi mtundu wotuwa. Mu RGB mulibe nambala imene imayankha funso lakuti "ndi mtundu uti?" Yankho lake lagawanika m'nambala zonse zitatu.

Njira yoyenda m'mitundu yowala yokhayokha ilipo, ndipo ndi bwino kuitsatira ndi pensulo kamodzi. Yambani pa 255, 0, 0. Siyani chofiira pamwamba, muzikweza chobiriwira mpaka chifike 255: mwafika pa chikasu. Tsopano siyani chobiriwira pamwamba, muzitsitsa chofiira mpaka 0: mwafika pa chobiriwira chenicheni. Kwezani buluu, mwafika pa cyan. Tsitsani chobiriwira, mwafika pa buluu. Kwezani chofiira, mwafika pa magenta, mtundu wa pakati pa buluu ndi chofiira. Tsitsani buluu, mwabwerera pamene munayambira. Ulendowu uli ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo m'chigawo chilichonse kagetsi kamodzi kali pamwamba, kena kali kozimitsa, kachitatu ndiko kakuyenda. Chigawo chilichonse chili ndi masitepe 255, kutanthauza kuti mitundu yonse ya pa njirayi ndi 1,530 basi.

Ngati ulendo uli umodzi ndipo umabwerera poyambira, nambala imodzi ingathe kunena pamene tafika. Nambala imeneyo ndiyo hue, ndipo imawerengedwa m'madigiri monga pa gudumu: chofiira pa 0, chikasu pa 60, chobiriwira pa 120, cyan pa 180, buluu pa 240, magenta pa 300, ndipo 360 ndi chofiira chomwe chija. Alvy Ray Smith, amene pambuyo pake anali mmodzi mwa oyambitsa kampani ya makanema ya Pixar, anafotokoza njira ya HSV (hue, saturation, value) mu 1978, ndipo chaka chomwecho George Joblove ndi Donald Greenberg anafotokoza njira yofanana nayo, imene HSL (hue, saturation, lightness) ya masiku ano inachokerako. Cholinga chinali chakuti wojambula azitha kusankha mtundu mmene maganizo ake amayendera: asankhe mtundu, kenako anene kuti ukhale wogwira kwambiri kapena wosuluka, womwe ndi saturation, kenako wowala kapena wakuda, womwe ndi value.

Kusandutsa hue kukhala RGB n'kungobwereza ulendo uja. Tinene kuti hue ndi 200. Tikagawa 200 ndi 60 tipeza 3, n'kutsala 20. Nambala 3 ikutiuza kuti tili m'chigawo chochoka pa cyan kupita pa buluu, pamene buluu ali pamwamba, chofiira chili pa 0, chobiriwira chikutsika. Chotsala chija, 20 pa 60, chikutiuza kuti tayenda gawo limodzi mwa magawo atatu a chigawocho, choncho chobiriwira chatsika kuchoka pa 255 kufika pa 170. Mtundu wathu ndi 0, 170, 255. Tikachepetsa saturation kufika theka, kagetsi kozimitsa kaja sikakhalanso pa 0 koma pa 128, ndipo koyenda kaja kamayenda pakati pa 128 ndi 255, zomwe zikupereka pafupifupi 128, 213, 255. Tikachepetsa value ndi theka, nambala zonse zitatu zimachepa ndi theka. Pafupifupi chinenero chilichonse cha mapulogalamu chili nayo kale ntchito imeneyi, koma amene waiwerengerapo pamanja savutika kupeza cholakwika mtundu ukatuluka wosayembekezeka.

Mwina mungafunse kuti mitundu inakhala bwanji gudumu. Kuwala kumene maso athu amaona kuli pa mzere wokhala ndi mapeto awiri: mafunde afupiafupi, a ma nanometer pafupifupi 400, amaoneka a vayoleti, ndipo ataliatali, cha m'ma 700, amaoneka ofiira. Utawaleza umathera pamenepo. Magenta mulibe mu utawaleza. Timamuona pamene mafunde a mbali zonse ziwiri alowa m'diso pamodzi, apakati palibe, ndipo ubongo umapanga mtundu wolumikiza mapeto awiriwo. Isaac Newton anajambula kale mitundu mozungulira mu 1704. Gudumu limene mapulogalamu athu amazungulitsa linachokera m'kaonedwe ka munthu, ndipo mfundo imeneyi tikumana nayonso kutsogoloku.

Zolakwika zambiri zimabwera munthu akaiwala kuti akuyenda mozungulira. Hue ikapitirira 360 iyenera kubwerera pa 0, ndipo timachita zimenezi potenga chotsala tikagawa ndi 360: 365 imasanduka 5. Poyenda chobwerera m'mbuyo mpamene pali msampha. M'chinenero cha mapulogalamu cha Python, -10 % 360 (chizindikiro % chimatenga chotsala) imapereka 350, monga tikufunira. Mu C, Java ndi JavaScript imapereka -10, ndipo nambala imeneyi ikalowa m'kawerengedwe ka zigawo kaja, imatulutsa mtundu wolakwika. Kukonza kwake n'kuwonjezera 360 pa chotsalacho n'kutenganso chotsala kachiwiri. Palinso 360 yeniyeniyo: ikagawidwa ndi 60 imapereka 6, pomwe zigawo zimawerengedwa kuyambira 0 kulekeza 5. Ngati pulogalamu sinakonzekere zimenezi, pamzungulo uliwonse pamakhala kamphindi kamodzi kamene chinthu chimada bii, ndipo n'kovuta kukagwira chifukwa kamadutsa msanga.

China chobisika kwambiri ndi kuyenda kuchoka pa hue ina kupita pa ina. Pa wotchi, kuchoka pa 11 koloko kufika pa 1 koloko ndi maola awiri, ndipo pakati pake ndi 12 koloko. Palibe amene angawonkhetse 11 ndi 1, n'kugawa pawiri, n'kunena kuti pakati pake ndi 6 koloko. Koma n'zimene pulogalamu imachita ikauzidwa kuti ichoke pa 350 kupita pa 10. Mitundu iwiriyi yonse ndi yofiira, yotalikirana madigiri 20 okha, koma avereji yake ndi 180, cyan. Chinthu chimene chimayenera kusintha pang'ono chabe chimadutsa mu pepo, buluu, chobiriwira ndi chikasu chisanafike. Lamulo lake n'losavuta: pezani kusiyana kwa nambala ziwirizo, ndipo ngati kwapitirira 180 chotsanipo 360, ngati kwatsika kupitirira -180 wonjezeranipo 360. CSS, chinenero chokongoletsera masamba a pa intaneti, masiku ano imalola wolemba kusankha yekha ngati akufuna njira yaifupi kapena yaitali, chifukwa nthawi zina yaitaliyo ndiyo ikufunika, monga pojambula utawaleza wonse.

Onetsetsaninso muyeso umene chida chanu chikugwiritsa ntchito. CSS imawerenga madigiri mpaka 360. Colorsys ya Python imafuna nambala ya pakati pa 0 ndi 1. OpenCV, chida chopendera zithunzi, pa zithunzi za ma bit 8, imagawa hue pawiri kuti ikwane mu byte imodzi (malo osunga nambala ya 0 mpaka 255), choncho imalekeza pa 179. FastLED, imene ambiri amayendetsera timababu ta LED pa tikompyuta tating'ono ta Arduino, imagwiritsa 0 mpaka 255, ndipo ubwino wake ndi wakuti byte ikadzaza imabwerera yokha pa 0, moti kuzungulira kumachitika popanda kuwerengera chotsala.

Nanga gudumu lizizungulira mwachangu bwanji? Chimene chimabwera msanga m'mutu n'kuwonjezera digiri imodzi nthawi iliyonse sikirini ikajambulidwa. Pa sikirini yojambula ka 60 pa sekondi, mzungulo umodzi utenga masekondi 6. Pulogalamu yomweyo pa sikirini ya 144 imaliza m'masekondi awiri ndi theka, ndipo pa foni yolemedwa ndi ntchito izichita kukwawa. Hue iyenera kuchokera pa nthawi yeniyeni: sankhani madigiri angati pa sekondi, muchulukitse ndi nthawi imene yadutsa chijambulireni chithunzi chapitacho. Ndipo musalole nambala yowerengera ikule kosalekeza n'kumadalira kutenga chotsala pamapeto pokha. Nambala ya float (yotha kukhala ndi tizigawo) ya ma bit 32 ikafika pa 16,777,216, kuwonjezerapo 1 sikuisinthanso. Pa liwiro la ka 60 pa sekondi, imafika pamenepo patangodutsa masiku atatu, ndipo chikwangwani chimene chimayenera kuyaka usana ndi usiku chimaima pa mtundu umodzi. Mu shader (kapulogalamu kowerengera mtundu wa kadontho kalikonse pa khadi la zithunzi), mmene nthawi imalowa ngati masekondi okhala ndi tizigawo, kugwedezeka kumayamba kuoneka kale kwambiri zisanafike pamenepo. Bwezani nambalayo pakati pa 0 ndi 360 pa sitepe iliyonse.

Pa liwiro pomwepa pali nkhani ya thanzi imene siyenera kunyalanyazidwa. Kuthwanima kofulumira kungagwetse anthu ena odwala khunyu, ndipo chofiira chogwira kwambiri n'choopsa kuposa mitundu ina. Malangizo a WCAG, othandiza kuti masamba a pa intaneti akomere aliyense, amati chinthu chisathwanime koposa katatu pa sekondi imodzi. Gudumu la HSV likamazungulira mofulumira limakhala likuthwanima ndithu, pa chifukwa chimene tikufikapo tsopano.

Lembani zonse molondola, muziyendetse pang'onopang'ono, muyang'anitsitse. Mudzaona kuti chinthucho chikuwala ndi kuda mosinthanasinthana: pa chikasu chimawala kwambiri, pa buluu chimada. Mudzaonanso kuti chimachedwa pa chobiriwira, pamene chikasu ndi cyan zimangodutsa ngati kamzere kopyapyala. Komatu value sinasinthe, liwiro silinasinthe. Pulogalamu ilibe cholakwika. Chimene chikuchitika n'chakuti diso silimva timagetsi titatu tija mofanana. Pa muyeso wa sRGB, umene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996 ndipo ndi umene zithunzi zambiri za pa intaneti zimatsatira, chobiriwira chimapereka 0.7152 ya kuwala konse, chofiira 0.2126, buluu 0.0722 yokha. Chikasu ndi chofiira kuphatikiza chobiriwira, choncho kuwala kwake ndi pafupifupi 0.93. Kuyerekeza ndi buluu, ndi kuwala kochuluka pafupifupi ka 13, pomwe HSV ikunena kuti mitundu iwiriyi ili ndi value yofanana. HSL nayo imanena kuti yonse ili pa theka la kuwala.

Zotsatira zake si za kukongola kokha. Ikani mawu oyera pamwamba pa mtundu wozungulira: pa buluu awerengeka bwino, pa chikasu asowa. Gwiritsani utawaleza wa HSV kusonyeza kutentha kapena kutalika kwa malo pa mapu: woyang'ana adzaona malire pamene pali chikasu ndi cyan, ngakhale nambala zake zikukwera mosadumpha. N'chifukwa chake Matplotlib, chida chojambulira magirafu mu Python, inasiya kuyamba ndi utawaleza wake wakale wotchedwa jet n'kuika viridis, umene kuwala kwake kumakwera mosalekeza kuchoka kumapeto ena kufika kwina.

Smith ndi anzake sanalakwitse. Makompyuta a m'ma 1970 ankafunika masamu opepuka, ndipo HSV ndi RGB yomweyo yongoyang'anidwa kuchokera kumbali ina. Sinalonjeze kutsatira diso. Ife ndi amene timaiyembekezera kuchita zimene sinapangidwire.

Njira yotsika mtengo yofewetsera vutoli ndi kusiya zigawo zisanu ndi chimodzi zija n'kugwiritsa mafunde atatu a cosine, amodzi pa kagetsi kalikonse, otalikirana madigiri 120. Kagetsi kalikonse kamakwera ndi kutsika mosakhota mwadzidzidzi. Pamalo a chofiira mumapeza 255, 64, 64, ndipo pamalo a chikasu 191, 191, 0. Nambala zitatuzo zikawonkhetsedwa zimapereka chiwerengero chofanana nthawi zonse, moti chikasu, cyan ndi magenta sizitumphukanso ngati mizere yowala. Chobiriwira chimawalabe kuposa buluu, koma kusinthako kumayenda mofatsa, ndipo zonsezi zimakwana mu mzere umodzi wa shader. Inigo Quilez anatchukitsa kalembedwe kake kamene mumasintha pakati, kukula, liwiro ndi poyambira pa funde lililonse, n'kupeza mitundu yozungulira yosiyanasiyana imene si utawaleza konse. A FastLED anatenga njira ina: anakonza gudumu lawolawo limene limapatsa chikasu ndi olenji malo okulirapo, chifukwa pa timababu mitundu imeneyi imasowa kwambiri ukatsatira HSV wamba.

Njira yothetsa vutoli kuchokera pa muzu ndi kuzungulira m'dongosolo la mitundu lomangidwa poyeza kaonedwe ka anthu. CIELAB inakhazikitsidwa mu 1976, koma ili ndi chilema chodziwika pa buluu, amene amapendekera ku pepo akamasuluka. Mu 2020 Björn Ottosson anatulutsa Oklab, yokonza zimenezo, ndipo mtundu wake wozungulira, OKLCH, unalowa mu CSS n'kuyamba kugwira m'mabrowser onse akuluakulu pofika 2023. Mmenemo mukaimika kuwala ndi kugwira kwa mtundu n'kumayendetsa hue yokha, diso limaona kuwala kosasintha. Pali mtengo wake. Chikasu chowala chimakhalako kuwala kukakhala pamwamba pokha, buluu wogwira amakhalako kuwala kukakhala pansi pokha, ndiye pa kuwala kumodzi simungakhale ndi zonse ziwiri. Mukaumirira, nambala zina za RGB zimatuluka kunja kwa 0 ndi 255, pulogalamu n'kuzidula, mtundu n'kupotoka. Muyenera kuvomera mitundu yosulukirapo. Kwa ine, paliponse pamene pali mawu oti awerengedwe kapena nambala zoti zimveke, mtengo umenewo ndi woyenera kulipira mosanyinyirika. Pa timababu tokongoletsa, pamene chofunika ndi mitundu yogwira, HSV kapena gudumu la FastLED zikadali ndi malo ake.

Chenjezo lalifupi kwa olemba masamba a pa intaneti: fyuluta ya hue-rotate ya mu CSS sizungulitsa gudumu la HSL. Imachulukitsa RGB ndi matrix (gulu la nambala) yoyesa kusunga kuwala, choncho chikasu chikazungulitsidwa ndi madigiri 180 sichipereka buluu wakuda amene mukumuyembekezera.

Zonse tanenazi n'zowerengera mtundu watsopano nthawi iliyonse. Kale kunali njira ina, imene ndimaisirira kwambiri, ndipo inabadwa chifukwa cha kuchepa kwa mphamvu ya makina. Pa VGA, njira yoonetsera zithunzi pa sikirini imene IBM inatulutsa mu 1987, panali kajambulidwe ka timadontho 320 m'lifupi ndi 200 kutsika, kalikonse byte imodzi. Byte imeneyo sinkasunga mtundu, koma nambala ya malo pa mndandanda wa mitundu 256 wotchedwa palette, yosankhidwa mwa mitundu 262,144. Chithunzi chonse chinali ma byte 64,000, pomwe mndandandawo unali ma byte 768 okha. Kujambulanso chithunzi chonse kambirimbiri pa sekondi kunali kolemera kwa makina a nthawiyo. Kusintha mndandanda kunali kopepuka, ndipo kadontho kalikonse koloza pa malo osinthidwawo kankasintha nthawi yomweyo.

Tinene kuti wojambula akufuna mathithi. Amapatula malo asanu ndi atatu pa mndandanda, 32 mpaka 39, n'kuikamo mitundu ya madzi kuyambira buluu wakuda mpaka thovu loyera. Pojambula madziwo, amaika timadontho motsatana kutsika m'munsi: 32, 33, 34, mpaka 39, n'kuyambiranso. Pulogalamu ikamayenda, imasuntha mtundu wa pa 32 kupita pa 33, wa pa 33 kupita pa 34, ndipo wa pa 39 umabwerera pa 32. Thovu loyera lija limaoneka likutsika ndi mathithi, pomwe palibe kadontho ngakhale kamodzi ka chithunzicho kamene kalembedwanso. Akatembenuza dongosolo la nambalazo pojambula, madzi amakwera. Akatalikitsa mizere, amathamanga. Moto, mvula, chipale ndi magetsi a mumzinda zinkachitika chimodzimodzi. Pulogalamu yojambulira ya Deluxe Paint, imene Dan Silva analembera makompyuta a Amiga ndipo Electronic Arts inatulutsa mu 1985, inkalola wojambula kupatula magulu a mitundu otere ndi kuika liwiro la gulu lililonse. Mark Ferrari, amene anajambulira Lucasfilm Games, anafika nayo patali njirayi, mpaka malo amodzi ankatha kuoneka m'mawa, masana ndi usiku pongosintha mndandanda. Kamzere koyenda kamene kanali pansi pa chithunzi choyambira cha Windows 95 kanalinso ka njira yomweyi.

Makadi a zithunzi a masiku ano amasunga mtundu wathunthu pa kadontho kalikonse, koma njirayi ndi yosavuta kuimanganso. Chithunzi chimodzi chimasunga nambala pa kadontho kalikonse, china chopyapyala, cha mzere umodzi, chimasunga mitundu. Shader imatenga nambala ya kadontho, kuwonjezerapo nthawi, kutenga chotsala, n'kukawerenga mtundu pa mzere uja. Nambala ya kadonthoyo ingachokere kulikonse: kutalika kwake kuchokera pakati pa sikirini kumapereka mikombero yofutukuka, malo a babu pa chingwe cha LED amapereka utawaleza woyenda m'chingwemo, kuchuluka kwa maulendo owerengera pa fractal (chithunzi chopangidwa pobwereza masamu omweomwewo) kumapereka mitundu yoyenderera imene pulogalamu ya Fractint inkadziwika nayo. Ndipo popeza mitundu ya pa mzerewo mumaisankha nokha, mungaiwerengeretu mu OKLCH kamodzi kokha, kapena kuisankha ndi maso, bola womaliza ugwirizane ndi woyamba kuti msoko usaoneke.

Mndandanda wa mitundu isanu ndi itatu umayenda modumphadumpha, sitepe imodzi nthawi imodzi. Joseph Huckaby atabweretsa zithunzi za Ferrari mu browser mu 2010, anawonjezera kusakaniza mtundu uliwonse ndi wotsatira wake molingana ndi kagawo ka nthawi kamene kadutsa pakati pa masitepe awiri, ndipo madzi aja anayamba kuyenda mosalala pa zithunzi zomwe zija. Mu shader zimenezi simuchita kulemba nokha: uzani khadi kuti lizisakaniza timadontho toyandikana powerenga mzere wa mitundu, ndiponso kuti likafika kumapeto kwa mzerewo lizibwerera koyambirira.